Quad ikakana kulira: zimene ndinakumana nazo pa famu ku Thyolo

Ndine kapitawo pa famu ina ya makademiya ku Thyolo, ndipo ntchito yanga yambiri ndimaiyendera pa njinga yamoto ya matayala anayi, ija timangoti quad. Ndi yakale ndithu, ya silinda imodzi, yoyendera kabureta, chipangizo chija chosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo inafika kuno itagwirapo kale ntchito kwina. Ndiyo imandifikitsa kudamu kukaona mapampu, kumapeto a munda kumene galimoto singafike, ndi kumunsi kumene ngakhale thirakitala imatitimira mvula ikakhazikika. Ikakana kulira m'mawa, tsiku lonse lasokonekera, chifukwa kuzungulira famu ya m'zitunda wapansi si ntchito yamasewera.

Kuyambira mvula yapitayi mpaka nyengo yozizira, quad imeneyi inativuta mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse chifukwa chake chinali china. Ndikulemba chifukwa makina amenewa kuno kwathu ndi ochepa. Amakaniko owazolowera ndi ochepanso, ndipo zipangizo zake zambiri simungazipeze m'masitolo a ku Limbe, zimachita kuitanitsidwa ku South Africa n'kumadikira masabata. Munthu akagula chipangizo mongoganizira, ndalama yapita, nthawi yapita, quad ili chikhalire m'shedi. Pa mavuto onse amene tinakumana nawo, palibe ngakhale limodzi limene linafuna chipangizo chodula chimene anthu ankati tigule poyamba.

Musanagwire sipanala, tcherani khutu. Tembenuzani kiyi, dinani batani la sitata, mumve chimene chikuchitika. Mwina kuli zii. Mwina mukumva kuti tcha kamodzi kokha, kapena tcha-tcha-tcha mofulumira. Mwina sitata ikuzungulira koma mwaulesi, mofooka. Zonsezi ndi nkhani ya magetsi, ndipo kabureta ilibe mlandu, musaigwire. Koma ngati sitata ikuzunguza injini mwamphamvu, injiniyo osagwira, pamenepo batire lisiyeni, vuto lili pa moto wa pulagi, petulo, mpweya kapena mphamvu ya injini yokha. Ndaonapo anthu ataphwasula kabureta yabwinobwino pa makina amene sitata yake sinali kuzungulira n'komwe. Kusiyanitsa mbali ziwirizi kumatenga mphindi imodzi, ndipo kumakuchotserani theka la ntchito.

Kukakhala zii, yambani ndi zinthu zooneka zachibwana. Pa chigwiriro chakumanzere pali swichi yofiira yozimitsira injini. Antchito akamapachika matumba kapena kutsamira pamenepo amaikankha osadziwa. Pa ma quad ena, swichi imeneyi ikakhala pa OFF sitata siyankha konse. Pa ena sitata imazungulira bwinobwino koma pulagi siitulutsa moto, ndiye munthu amapukusa mpaka batire kutha. Kenako yang'anani kanyali kobiriwira ka N. Ma quad ambiri salola sitata kugwira ntchito ngati giya ili mkati, pokhapokha mutafinya buleki. Kanyali kakapanda kuyaka, gwedezani quad kutsogolo ndi kumbuyo uku mukusuntha giya, kapena finyani buleki n'kuyesanso. Waya wa swichi ya nyutulo amatulukira kumunsi kwa injini kumene kumafika matope ndi zitsotso, kotero kuduka kapena kuzuka sikumuvuta. Ngati palibe nyali iliyonse imene ikuyaka, funani fyuzi yaikulu, imene kawirikawiri imakhala pafupi ndi batire kapena pa solenoid penipeni, swichi yamagetsi ija imene imalumikiza batire ndi sitata mukadina batani. Nambala ya mphamvu yake inalembedwa pamwamba pake, nthawi zambiri 20 kapena 30. Ikapsa, ikanipo ya nambala yomweyo. Chonde musamangepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa pofuna kuteteza mawaya ena onse, ndipo mukaichotsa ntchito imeneyo chimene chidzapse ndi mtolo wonse wa mawaya, pansi pa mpando, pafupi ndi thanki ya petulo.

Vuto lathu loyamba linabwera mvula itakhazikika, ndipo linali la tcha kamodzi. Ukadina batani, tcha, basi. Tsiku lina inkalira, tsiku lina ayi. Dalaivala wa thirakitala anati batire latha, ndipo bwana anali atayamba kale kufunsa mtengo wa latsopano. Ndinawapempha kuti, “Bwana, tandilolani ndiliyeze kaye tisanagule.” Pa famu tili ndi kamita kaja koyezera magetsi kotchedwa multimeter, kamene timagwiritsa ntchito pa mapampu ndi ma sola, ndipo ndinganene kuti pa zida zonse zokonzera quad, kameneka ndiye koyamba kukhala nako.

Batire la quad ndi la mavoti 12. Likakhala lodzaza bwino, litapuma kwa maola angapo, mita imasonyeza pakati pa 12.6 ndi 12.8. Likafika pa 12.2 ndiye kuti lili pafupifupi theka, ndipo likatsika kupitirira 12 lafooka kwambiri. Koma nambala imeneyi payokha imanamiza, chifukwa batire lakufa limatha kusonyeza 12.6 likangochoka pa tchaja. Muyeso weniweni ndi wa pamene mwadina sitata. Batire labwino limatsika pang'ono koma silipitirira pansi pa 10. Likagwa mpaka 8 kapena 6, latopa, kapena silinatchajidwe. Lathu linasonyeza 12.6, ndipo nditadina batani silinasunthe n'komwe, linangokhala pamwamba pa 12. Nyali zakutsogolo sizinazilale. Zimenezi zinandiuza kuti batire lili ndi mphamvu koma mphamvuyo ikusowa podutsa.

Magetsi a sitata amayenda mozungulira. Amachoka pa mutu wa + wa batire, kudutsa pa solenoid, kulowa mu sitata, kenako n'kubwerera ku mutu wa − kudzera m'chitsulo cha injini ndi waya wonenepa wakuda. Ambiri timalondola waya wofiira, wakudayo n'kumuiwala. Ndinaika nsonga imodzi ya mita pa mutu wa − wa batire, inayo pa chitsulo choyera cha injini, mnzanga n'kudina batani. Njira ikakhala yabwino, mita siyenera kufika ngakhale theka la voti. Yathu inalumpha n'kusonyeza mavoti ambirimbiri. Titatsatira waya wakuda uja mpaka pamene anamangidwa pa injini, tinapeza bawuti itakwiririka m'dothi lofiira louma, ndipo pansi pake panali dzimbiri ndi ufa wobiriwira. Kunja inkaoneka yolimba. Tinaimasula, kupala zonse ndi sandipepala mpaka chitsulo kuwala, kumanganso, n'kupakapo girisi pamwamba. Injini inalira pa kudina koyamba.

Ngati mulibe mita, tengani waya mmodzi wa jampa, mumange mbali ina pa − ya batire, ina pa bawuti yoyera ya injini. Ikalira, mwapeza wolakwa. Ndipo musakhutire ndi kuyang'ana mitu ya batire ndi maso. Igwedezeni ndi dzanja. Quad imagwedezeka tsiku lonse m'mabampu, timabawuti ta batire timamasuka pang'onopang'ono, ndipo tcha-tcha-tcha wofulumira uja nthawi zambiri amachokera pamenepo kapena pa batire lofooka. Pomasula batire yambani ndi −, pobwezera malizani ndi −, kuti sipanala ikakhudza chitsulo isathetheke.

Zonsezi zikakhala bwino koma tcha ali pomwepo, otsala ndi solenoid ndi sitata. Amakaniko amakonda kugundanitsa mabawuti awiri aakulu a solenoid ndi sikuludiraiva. Sitata ikazungulira, solenoid ndiyo yafa. Njirayi imagwira, koma imadumpha chitetezo chonse cha makinawo: giya ikakhala mkati quad imanyamuka nthawi yomweyo, ndipo pamathetheka moto. Ngati mwaganiza zochita zimenezi, giya ikhale pa nyutulo, buleki yoimikira ikhale yomanga, kutsogolo kusakhale munthu, ndipo pasakhale fungo la petulo. Sitata ikapanda kuzungulira ngakhale mwatero, igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sipanala wina akudina batani. Ikadzuka, makala a mkati mwake, aja amati mabulashi, atha, ndipo amenewo amasinthika popanda kugula sitata yonse.

Batire likakhaladi lofooka, funsani chifukwa chake musanaike lina. Lizani injini, kwezani moto pang'ono, muyeze pa mitu ya batire. Muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12, makinawo sakutchaja, ndipo batire latsopano lidzathanso m'masiku ochepa. Pamenepo muyang'ane stator, imene imapanga magetsi injini ikamazungulira, regulator, imene imawachepetsa kuti akwanire batire, ndi mapulagi a mawaya ake. Ikakwera kupitirira 15, regulator ikuphika batire. Maulendo afupiafupi a pa famu, kuliza ndi kuzimitsa pa mzere uliwonse, nawonso amadya batire kuposa mmene injini imabwezera. Mabatire a quad ndi aang'ono, safuna tchaja yaikulu ya lole, amafuna moto wochepa wa ampu imodzi kapena kupitirira pang'ono kwa maola ambiri. Mukamajampa ndi galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima. Ndipo musapanikize sitata kupitirira masekondi 5. Siyani, dikirani masekondi 10, muyesenso. Sitata ya quad ndi yaing'ono, imatentha msanga.

Vuto lachiwiri ndi limene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi la kwathu kuno kwenikweni. Inali nthawi imene mafuta anasowa m'mafilingi, ndipo petulo wa pa famu ankabwera m'zigubu kuchokera kulikonse kumene wapezeka. Quad inaima masabata angapo chifukwa petulo wochepa amene analipo ankapita ku zinthu zofunika kwambiri. Tsiku loibwezera pa ntchito, sitata inazungulira mwamphamvu, injini n'kutsokomola, kugwira pang'ono, kuzima.

Zikatere ine ndimayamba ndi pulagi, chifukwa imafotokoza zimene zikuchitika mkati. Pukutani dothi lozungulira musanaimasule kuti lisagwere mu silinda. Pulagi ikatuluka youma mutapukusa kangapo, petulo sakufika. Ikatuluka yonyowa ndi kununkha petulo, petulo akufika koma sakuyaka. Ikakhala yakuda ndi mwaye, injini yakhala ikumwa petulo wambiri kapena mpweya ukuchepa. Kuti muone moto, bwezerani pulagi mu kapu yake, gunditsani mbali ya chitsulo pa injini kutali ndi bowo la pulagi, musaigwire ndi dzanja, wina adine batani. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Wofiirira, wofooka, kapena wosaoneka n'komwe, yesani pulagi ina kaye musanayambe kukayikira koyilo kapena CDI, kabokosi kolamulira moto wa pulagi. Pulagi ndi yotsika mtengo, ndipo ine ndimakhala ndi yapadera m'kabokosi ka zida nthawi zonse, ya nambala yofanana ndi imene inalembedwa m'buku la makinawo. Kapu ya pulagi nayo imalowa madzi mukatsuka quad kapena mukadutsa m'chithaphwi.

Yathu inali ndi moto wabwino, ndipo inali yonyowa, koma madzi ake sanali kuuma msanga monga amachitira petulo. Pansi pa kabureta pali kambale kosungira petulo, ndipo pa kambaleko pali sikulu yokhetsera ndi kapaipi kotulutsira. Ndinaika botolo loonekera mkati pansi pa kapaipiko n'kumasula sikulu. Patapita kanthawi, zimene zinali m'botolo zinagawikana: petulo pamwamba, madzi pansi, ndi tinyenyeswa ta dzimbiri. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhazikika pansi pa thanki ndi pansi pa kambale, pamene penipeni jeti, kachitsulo kabowo kodutsa petulo wopita mu injini, imayamwira. Ndiye chifukwa chake kutembenuzira kampopi ka petulo pa RES, kamene kamatunga pansi pa thanki, kumatha kuwonjezera vuto m'malo molithetsa.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Petulo ameneyu ndi wabwino pa makina oyenda tsiku ndi tsiku. Koma ethanol amakoka chinyontho, ndipo petulo akakhala nthawi yaitali m'thanki yosadzaza, kapena m'chigubu chosatseka bwino, nyengo ya mvula ya ku Thyolo kuno, madzi amachuluka mpaka kupatukana n'kukhala pansi. Onjezanipo zigubu zimene simukudziwa kuti munali chiyani kale. Tinakhuthula thanki yonse, kuitsuka ndi petulo watsopano pang'ono, n'kuika kafyuluta kakang'ono pa paipi yopita ku kabureta, kofanana ndi kamene amaika a kabaza. Kuyambira pamenepo petulo aliyense wa m'chigubu timayamba tamusiya akhazikike, timathira kudzera pa nsalu yoyera, ndipo wapansi penipeni sitithira.

Injini inalira, koma inkangolira choki, ija yowonjezera petulo poliza injini yozizira, ili yokoka. Ukaibweza, zii. Chizindikiro chimenechi muchisunge, chifukwa pafupifupi nthawi zonse chimaloza jeti yaing'ono ya mu kabureta, imene amati pilot jet. Ndiyo imadyetsa injini poliza ndi pamene ikulira payokha. Bowo lake ndi laling'ono kwambiri, ndipo petulo akauma m'kambale amasiya utomoni umene umalitseka. Apa ndiye pamene kutsegula kabureta kuli koyenera. Tsekani kampopi, jambulani ndi foni mmene mapaipi ndi zingwe zakhalira musanazule chilichonse, yalani nsalu yoyera patebulo. Masulani jetiyo ndi sikuludiraiva yokwana bwino, chifukwa ndi ya mkuwa wofewa ndipo mutu wake umaphwanyika msanga. Iyang'aneni kudzuwa: kuwala kuyenera kudutsa. Itsukeni ndi mankhwala opopera a kabureta ndi mpweya wa kompuresa. Ngati utomoni wakanirira, kachingwe kamodzi kofewa ka kopa kochokera mu waya wa magetsi kamathandiza. Singano kapena waya wachitsulo ayi, chifukwa bowo likakula ngakhale pang'ono injini sidzakhazikikanso. Sikulu yosakanizira petulo ndi mpweya ndi bwino kuisiya mmene ilili. Ngati mukuyenera kuichotsa, yambani mwaimanga pang'onopang'ono mpaka ikhudze, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, mulembe, kuti mudzaibwezere pomwepo.

Kupewa zimenezi n'kosavuta. Quad ikamaima kupitirira sabata, tsekani kampopi pa OFF, muisiye ilire mpaka izime yokha, kapena khetsani kambale ndi sikulu ija. Kutseka kampopi kuli ndi phindu linanso. Kasingano kotseka petulo m'kambale kakatha, petulo amasefukira usiku wonse, kulowa mu silinda, n'kutsikira mu oyilo. Mukaona oyilo wachuluka yekha ndipo akununkha petulo, musalize injini, sinthani oyilo kaye ndi kukonza kasinganoko. Yang'ananinso kapaipi kopumira ka pa chitsekero cha thanki. Matope kapena timavu tija timamanga ndi dothi tikakatseka, petulo amasiya kutsika. Mukatsegula chitsekero n'kumva mpweya ukulowa kuti fuu, injini n'kulira, vuto ndi limenelo.

Nthawi zina injini imakana chifukwa petulo wachuluka. Munthu wakoka choki kunja kukutentha, wapukusa kambirimbiri, fungo la petulo lili ponseponse. Bwezani choki, kanikizani moto mpaka kumapeto, dinani sitata masekondi 5. Ikangogwira, siyani moto msanga. Ikakanabe, tulutsani pulagi muiumitse.

Pamene kabureta inali kunja, ndinatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya pansi pa mpando. Munali makoko a makademiya. Makoswe anali atasandutsa bokosilo nkhokwe, ndipo siponji ya fyuluta anali ataiboola pakona. Amene muli pa mafamu a mtedza kapena chimanga, tsegulani bokosi limeneli kawirikawiri, ndipo quad isagone pafupi ndi matumba. Makoswe omwewo amatafunanso mawaya. Fyuluta ya siponji imachapidwa ndi madzi a sopo, kuumitsidwa bwinobwino, n'kunyowetsedwa ndi oyilo pang'ono, kufinya wotsala. Youma siigwira fumbi, yodzaza oyilo imatsamwitsa injini. Pansi pa bokosilo pamakhala kapaipi kosonkhanitsa madzi ndi litsiro, kakhuthuleni. Yathu tinaisintha, koma bowo lija linali litakhalapo kuyambira nthawi ya fumbi la Okutobala, ndipo zotsatira zake zinadzaoneka pambuyo pake.

Pa nkhani ya madzi ndichenjezepo, chifukwa apa ndi pamene batani limodzi limapha injini. Quad ikazimira mumtsinje, madzi atafika pa mpando, musadine sitata. Madzi sapanikizika. Akakhala mu silinda, pisitoni imagunda pa iwo ndipo mkono wake umapindika. Ikokereni kumtunda, tsegulani bokosi la mpweya mukhuthule, chotsani pulagi, kenako pukusani kuti madzi atuluke pa bowo la pulagi. Khetsani kabureta. Yang'anani oyilo: akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, mwalowa madzi, ndipo ayenera kusinthidwa, mwina kangapo, mpaka ayere. Mnyamata wina wa pa famu atailowetsa m'madzi akuya pa kamtsinje ka kumunsi mu Febuluwale, chimene chinapulumutsa injini n'choti anaisiya pomwepo n'kuthamanga kudzandiitana.

Amene muli ndi ma quad atsopano opanda kabureta, a fuel injection, zambiri za magetsi zimene ndanena ndi zomwezo, kungoti iwo safuna n'komwe batire lofooka, chifukwa pampu ya petulo ndi kompyuta yake zimadalira batirelo. Mukatembenuza kiyi, mvetserani kulira kwa pampu m'thanki kwa masekondi angapo. Kukapanda kumveka, yambani ndi fyuzi ndi relay, kaswichi kamagetsi ka pampuyo. Ambiri alinso ndi kachipangizo kozimitsa injini quad ikagubuduzika, ndipo ikadzutsidwa imafuna kuzimitsa kiyi ndi kuyatsanso isanalole kulira.

Vuto lomaliza linabwera mwakachetechete mu Juni, chiperoni chitayamba. M'mawa quad inkafuna kupukusidwa nthawi yaitali. Ikatentha, inkalira bwino tsiku lonse. Sabata iliyonse zinkaipiraipira. Batire linali bwino, moto wa pulagi wabwino, petulo woyera, jeti yotseguka, choki ikugwira ntchito. Anthu anayamba kunena za CDI, ndipo mtengo wake utamveka, ofesi yonse inakhala chete. Chimene ndinaona ine n'choti chingwe chokokera pamanja, chimene quad yathu ili nacho pambali pa injini, chinkabwera mopepuka kuposa kale. Injini yamphamvu imalimbana nawe ukamakoka.

Ndinapita kukatenga makaniko wina wachikulire wa ku Bvumbwe amene amakonza njinga za kabaza. Bwana ankakayika, poti bamboyo anali asanagwirepo quad. Iye atafika anaizungulira, kukoka chingwe kawiri, n'kunena kuti, “A kapitawo, matayala ndi anayi koma injiniyi ndi ya njinga. Mavalavu munawayezapo liti?” Panalibe amene ankakumbuka.

Pakati pa valavu, kachitseko kolowetsa kapena kotulutsa mpweya mu silinda, ndi kachitsulo kamene kamaikankha pamayenera kukhala kampata kakang'ono, kosakwana ngakhale theka la milimita. Muyeso wake weniweni umasiyana malinga ndi makina ndipo umalembedwa m'buku lake, nthawi zina pa kapepala komatidwa pa quad pomwepo. Fumbi likamadutsa pa fyuluta yobooka, limapala nkhope ya valavu yolowetsa mpweya pamene imakhala, valavu imalowa mkati pang'onopang'ono, kampata kaja n'kumachepa. Kakatha, valavu siitsekanso bwino, mpweya wopanikizidwa umathawa, ndipo injini yozizira, imene imafuna mphamvu yonse kuti igwire, imakana. Amayeza injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba penipeni mavalavu onse atatseka, pogwiritsa ntchito timasamba tachitsulo topyapyala totchedwa feeler gauge. Pa valavu yathu yolowetsa mpweya, ngakhale tsamba lopyapyala kwambiri silinalowe. Bamboyo anamasula kanati, kubweza sikulu mpaka tsamba loyenera linadutsa mokhudza pang'ono, kumanganso, kuyezanso. M'mawa mwake, kunja kuli nkhungu, quad inalira choki itangokokedwa.

Anandichenjezanso kuti amene angayeze injini ngati imeneyi ndi geji ya kompuresheni asathamangire kuiphwasula akaona nambala yotsika, chifukwa injini zambiri za quad zili ndi kachipangizo kotsegula valavu pang'ono poliza kuti sitata isavutike, ndipo kamatsitsa nambalayo. Za valavu yathu ananena mosabisa kuti yadyeka, ndipo kampatako kadzapitiriza kuchepa mpaka tsiku lina mutu wa injini udzafunika kutsegulidwa. Ndiye tsopano timayeza mavalavu nthawi iliyonse imene tikusintha oyilo, ndipo muyeso wake ndimaulemba m'kope la makina pamodzi ndi tsiku. Kampata kakadzayamba kuchepa msanga pakati pa miyeso iwiri, tidzaitanitsa valavu ndi gasiketi nthawi yokolola isanafike.